Ndatsegula shopu ya mipando, kodi webusaiti ndiyambire pati?

Funso: Ndine kalipentala. Ndagwirira ntchito anthu ena zaka zambiri, ndipo chaka chino ndatsegula shopu yangayanga ku Chirimba mu Blantyre. Timapanga masofa, mabedi, makabati a kukhitchini ndi zitseko. Tsamba la Facebook ndili nalo, koma mphwanga amene anaphunzira za makompyuta akuti ndikhale ndi webusaiti, ndipo andipangira yekha. Mnyamata winanso wandipatsa kotesheni ya webusaiti ya masamba khumi, yokhala ndi pogulira ndi polipirira pomwepo. Ndalama ndi zochepa. Ndiyambire pati, ndipo chofunikadi n'chiyani?

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke m'thumba. Kotesheni ya masamba khumi ija ipindeni kaye muisunge, ndipo mphwanuyo mumuuze adikire sabata imodzi asanayatse kompyuta. Ntchito ya sabata imeneyi ndi yanu, ndipo imangofuna kope ndi cholembera.

Inu ndinu mmisiri. Munthu akabwera n'kunena kuti "ndipangireni kabati", simuthamangira sowo. Mumafunsa kuti ikakhala pati, musungidwa chiyani, khomalo ndi lalitali bwanji. Webusaiti nayo imayamba ndi muyeso. Pamwamba pa tsamba loyamba la kope lanulo lembani funso ili: munthu amene sakundidziwa akatsegula webusaitiyi, ndikufuna achite chiyani asanatseke? Yankho likhale limodzi. Kwa inu sindikukayika, yankho lake ndi lakuti akulembereni pa WhatsApp kapena akuimbireni foni. Palibe amene amagula sofa yodula osaikhalapo, osagwira nsalu yake, osamuona mmisiri kumaso. Malonda anu amathera pa foni ndi pashopu, ndipo ntchito ya webusaiti ndi kufikitsa mlendo pamenepo ali ndi chikhulupiriro chakuti sakulankhula ndi tambwali. Mukagwira mfundo imeneyi, theka la zimene zili pa kotesheni ija zigwa zokha.

Kenako ganizirani kuti mlendoyo ndi ndani. Aneba anu a ku Chirimba safuna webusaiti, amadutsa pashopupo tsiku lililonse ndipo amamva phokoso la pulena. Amene amafufuza pa Google ndi ena: banja limene langomaliza nyumba ku Chileka kapena ku Machinjiri, wogula zinthu wa pa ofesi kapena pa sukulu amene bwana wake wamuuza kuti abweretse makotesheni atatu, mwini loji ku Mangochi amene akufuna mabedi khumi ofanana. Palinso gulu lina limene amisiri ambiri amaliiwala, abale athu a ku Johannesburg, Cape Town kapena ku UK amene akumanga kumudzi ndipo akufuna kugulira makolo mipando. Awa sangabwere kudzaona shopu. Amatuma m'bale, koma asanamutume amafuna aone okha kuti ndalama zawo zikupita kwa munthu weniweni, chifukwa ambiri a iwo anapsapo kale. Lembani magulu amenewa m'kopemo, ndipo pansi pa gulu lililonse lembani mafunso amene amakufunsani. Mumawadziwa kale: ndi zingati, thabwa lake ndi lanji, zitenga masabata angati, dipoziti ndi zingati, mumabweretsa kunyumba kapena ndidzatenge ndekha, ikathyoka mumakonza? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo mawu a pa webusaiti yanu. Palibe wopanga mawebusaiti amene angakulembereni zimenezi, ndipo ambiri akasowa cholemba amadzaza tsamba ndi Chingerezi chokometsera cha masomphenya a kampani, chimene palibe kasitomala anawerengapo mpaka kumapeto.

Mwina mukudzifunsa kuti nanga Facebook sikukwanira? Pa malonda a tsiku ndi tsiku imathandiza kwambiri, musaisiye. Koma nyumba ya mwini saotchera mbewa. Tsambalo lili pa malo a eni ake, ndipo ndi iwo amene amasankha kuti chithunzi chanu achione anthu angati. Akhoza kulitseka, kapena wakuba akhoza kulanda akaunti yanu, otsatira onse aja n'kupita nawo. Pa 4 October 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pamodzi kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi dziko lonse lapansi, ndipo amene malonda awo onse anali kumeneko anangogwira njakata. Vuto lina ndi laling'ono koma la tsiku lililonse: pa Facebook chithunzi cha kabati yabwino imene munapanga miyezi inayi yapitayo chakwiririka pansi, pomwe pa webusaiti makabati onse amakhala pamodzi, munthu n'kuwaona nthawi imodzi.

Komabe pali zinthu ziwiri zaulere zimene ndikufuna muchite webusaiti isanabadwe n'komwe. Choyamba ndi Google Business Profile, chimene chimachititsa kuti shopu yanu ioneke pa Google Maps ndi nambala ya foni, nthawi yotsegulira, zithunzi ndi ndemanga za makasitomala. Kwathu kuno adiresi ndi "mukafika pa siteji yakutiyakuti mukhotere kumanzere, kuseri kwa chigayo", choncho kachizindikiro ka pa mapu kamapulumutsa mafoni ambiri olondolerana njira. Chachiwiri ndi WhatsApp Business, imene ili ndi malo oikapo katundu ndi mitengo yake. Ichi n'chofunika pa chifukwa chimene opanga mawebusaiti ambiri satchula: anthu ochuluka amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha. Munthu wotero mukamutumizira linki ya webusaiti, sitseguka. Ndiye webusaiti ndi ya mlendo wochokera ku Google ndi wa pa ofesi, pomwe WhatsApp ndi ya kukambirana. Ziwirizi zizigwirana manja.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndikufuna muimvetse kuposa zonse, nkhani ya makiyi.

Webusaiti ili ndi zinthu ziwiri zolipira chaka ndi chaka. Pali domain, limene ndi dzina la adiresi yanu pa intaneti, ndipo pali hosting, amene ndi malo pa kompyuta ya kampani ina pamene zithunzi ndi mawu anu zimasungidwa. Kompyutayo siili kushopu kwanu, choncho magetsi akazima ku Chirimba webusaiti imakhala ikugwirabe ntchito. Hosting ili ngati lendi ya nyumba, mukhoza kusamuka. Domain ili ngati dzina la shopu limene mwalemba pa chikwangwani, pa malisiti, pa galimoto ndi pa makhadi. Dzinali simugula kamodzi n'kukhala lanu mpaka kale. Mumalilembetsa kwa chaka kapena zaka zingapo, ndipo mukapanda kulipira nthawi ikakwana, webusaiti ndi imelo ya pa dzinalo zimazima, kenako pakapita nthawi munthu wina aliyense akhoza kulitenga.

Ndinathandizapo mayi wina wa malo ogona alendo amene webusaiti yake inangozima m'mawa wina. Titafufuza tinapeza kuti mnyamata amene anaipanga analembetsa domain m'dzina lake ndi imelo yake, kenako anapita kunja kukafuna ntchito n'kusintha nambala. Makalata okumbutsa za kulipira ankapita kwa iyeyo. Mayiyo analipira zonse mokhulupirika, koma pa mapepala analibe kanthu. Tinayambiranso ndi dzina lina, chikwangwani n'kulembedwanso, ndipo alendo akale amene ankalemba ku imelo yakale sanayankhidwe. Mnyamatayo sanali wakuba ayi. Anangochita zimene zinali zachidule tsiku limenelo.

Ndiye mphwanuyo apange webusaiti, palibe choletsa, koma tsiku lolembetsa domain mukhale naye pampando umodzi. Dzina la mwini likhale lanu kapena la bizinesi yanu, imelo ikhale yanu imene mumatsegula pa foni yanu, nambala ikhale yanu. Mapasiwedi a domain, a hosting ndi a polowera mu webusaiti muwalembe m'kope losungidwa kunyumba, osati lokhala pa benchi kushopu. Lembaninso tsiku lodzalipira chaka chamawa. Izi sizikutanthauza kuti mukumukayikira mphwanu. Mwana wa makompyuta mawa apeza ntchito ku Lilongwe kapena apita kusukulu kunja, ndipo n'zimene tonse tikumufunira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pa dzina lenilenilo, sankhani lalifupi, loti mukalitchula pa foni pali phokoso la makina munthu alilembe osalakwitsa. Pewani timizere ndi manambala pakati. Ngati munalembetsa dzina la bizinesi ku boma, domain ifanane nalo, kuti dzina la pa lisiti, pa chikwangwani ndi pa intaneti likhale limodzi. Mukhoza kutenga lothera ndi .mw, amene ndi mathero a dziko lathu ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi SDNP, kapena lothera ndi .com. La .mw limauza mlendo nthawi yomweyo kuti muli m'Malawi. La .com kawirikawiri limakhala pakati pa madola 10 ndi 20 pachaka. Onse awiri amagwira ntchito, ndipo ine sindingakangane ndi munthu pa zimenezi. Chimene ndingakuchenjezeni ndi ndalama yolipirira. Makampani akunja amafuna madola kudzera pa khadi la ku banki, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kuno. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo aliyense amene ankalipira hosting kunja anaona bilu yake itakwera usiku umodzi. Kampani ya konkuno imene imalandira makwacha pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki imakuchotserani mutu umenewu, ngakhale mtengo wake utakwererako pang'ono. Muifunse funso limodzi musanalipire: ndikadzafuna kusamuka, mudzandipatsa domain yanga ndi mafailo anga popanda vuto?

Za masamba khumi zija, inu mukufunika anayi, mwinanso tsamba limodzi lalitali logawidwa bwino. Poyambirira penipeni, pamene munthu akuona asanatsitse chala, pakhale chithunzi chimodzi cha ntchito yanu yabwino koposa, chiganizo chimodzi chonena chimene mumapanga ndi kumene muli, ndi batani la WhatsApp. Batanilo ndi linki chabe: wa.me/, kenako 265, kenako nambala yanu mutachotsa 0 woyambirira. Munthu akalidina amapezeka ali kale m'macheza ndi inu. Nambala ya foni nayo ikhale yoti akaidina iyambe kuimba. Mafomu aja olembapo dzina, imelo ndi uthenga ndawaona ambiri amene mauthenga ake amagwera m'bokosi limene palibe amalitsegula. Ngati simutsegula imelo tsiku lililonse, fomu isakhalepo.

Tsamba lachiwiri ndi la ntchito zanu, zogawidwa monga mmene kasitomala amaganizira: masofa, mabedi, makabati, zitseko. Lachitatu ndi la mmene mumagwirira ntchito, kuyambira kuyeza, dipoziti, masabata odikira, mpaka kubweretsa katundu. Lachinayi ndi la inuyo ndi kumene muli: nkhope yanu, anyamata anu ali pa ntchito, zaka zimene mwakhala mukupala matabwa, mapu, ndi malongosoledwe a njira monga mmene mungauzire munthu wokwera minibasi. Ambiri amachita manyazi kuika chithunzi cha shopu chifukwa pali utuchi ndi malata akale. Utuchiwo ndi umboni. Wa ku Johannesburg uja akufuna kuona kuti pali shopu yeniyeni. Ndipo kuonetsa dzina lenileni la bizinesi, malo ndi nambala si nkhani ya malonda yokha, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limayembekezera wogulitsa pa intaneti kudzionetsa kuti ndi ndani.

Zithunzi ndiye mtima wa webusaiti ya kalipentala, ndipo ndi pamene ambiri amagwera. Musatenge zithunzi za pa intaneti za masofa a ku Ulaya n'kuziika ngati zanu. Kasitomala amazindikira, ndipo akapanda kuzindikira ndiye zoipa kwambiri, chifukwa adzayembekezera chimene chili pachithunzicho. Jambulani zanu ndi foni yomweyo, panja pamthunzi, m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa litafewa, kumbuyo kuli khoma loyera kapena nsalu. Chinthu chilichonse chijambulidwe chonse, kenako pafupi, kuti aone polumikizira, vanishi ndi msoko wa nsalu. Mukakapereka katundu, pemphani mwini nyumba kuti mujambule kabati ili m'malo mwake, ndipo akakana musakakamize. Pansi pa chithunzi lembani mtundu wa thabwa, kaya ndi mlombwa, mbawa, paini kapena bulugamu, ndi miyeso yake. Mawu amenewa amathandiza kasitomala, amathandizanso Google kudziwa kuti tsambalo likunena za chiyani.

Koma chithunzi chochokera mu foni chimalemera. Chimodzi chimatha kukhala 4 MB. Mukaika 20 pa tsamba limodzi ndiye 80 MB, ndipo munthu wa bandulo yaing'ono atseka chachitatu chisanaoneke, akukutukwanani chamumtima. Zithunzi zomwezo zikachepetsedwa kufika pa 200 KB chilichonse, tsamba lonse ndi 4 MB, ndipo pa foni diso silisiyanitsa. Pali zida zaulere zochitira zimenezi, monga Squoosh ndi TinyPNG, mphwanuyo azidziwa. Mavidiyo oyamba okha, nyimbo, ndi zithunzi zoyendayenda pamwamba pa tsamba, zonsezo muzikane ngakhale wopangayo azikonde bwanji. Ndipo pokuonetsani ntchito, asakuonetseni pa laputopu yake ali pa Wi-Fi. Mutsegule pa foni yotchipa ya mmodzi wa anyamata anu, pa deta wamba, muli kushopu. Ikachedwa pamenepo ndiye kuti ndi yochedwa. Google nayonso poika mawebusaiti pa mndandanda imayang'ana mmene tsamba likuonekera pa foni, osati pa kompyuta.

Mitengo ikhalepo kapena ayi? Ndikudziwa mantha ake. Matabwa, siponji ndi nsalu zikukwera mwezi ndi mwezi, ndipo amisiri anzanu aona mitengo yanu. Komabe ine ndimati ikani. Chizolowezi chija choyankha aliyense wofunsa mtengo kuti abwere ku inbox chimathamangitsa anthu aulemu amene safuna kuoneka ngati alibe ndalama, ndipo chimakutayitsani nthawi ndi anthu amene bajeti yawo ili kutali. Lembani kuti "kuyambira pa" mtengo wakutiwakuti, ndipo pambali pake mwezi ndi chaka chimene mtengowo unaikidwa. Apa m'pamene pakufunika kuti inuyo muzitha kusintha mtengo ndi kuika chithunzi chatsopano pa foni yanu, osadikira munthu. Chida chopangira webusaiti chimene mphwanu asankhe, kaya ndi WordPress imene imayendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi, kaya ndi Wix, kaya Google Sites yaulere ija, muyeso wake ndi womwewo: akuphunzitseni, musinthe mtengo umodzi iye akuonerera, kenako musinthe wina iye kulibe. WordPress ubwino wake ndi wakuti mphwanu akachoka, wina woidziwa sasowa. Kuipa kwake ndi kwakuti imafuna kuisamalira, kuika zatsopano zikatuluka ndi kusunga kope la zonse pena pake, apo ayi akuba a pa intaneti amalowa. Walira mvula walira matope. Mugwirizane lero kuti ntchito imeneyi azichita ndani, ndipo pa mtengo wanji.

Pogulira ndi polipirira pa webusaiti pomwepo, pakali pano ayi. Njira zake zilipo, makampani ngati PayChangu amalumikiza webusaiti ndi Airtel Money, Mpamba ndi makhadi, ndipo tsiku limene mudzayambe kupanga timipando kapena timatebulo tofanana tambirimbiri ta mtengo umodzi, mudzaziganizire. Koma katundu wopangidwa pa oda, amene mtengo wake umadalira muyeso ndi nsalu, salowa m'basiketi ya pa intaneti. Chimene mungachite ndi kulemba momveka njira zolipirira dipoziti, ndi dzina limene munthu adzaone potumiza ndalama, ndi chenjezo lakuti simulandira ndalama pa nambala ina iliyonse. Anthu atopa ndi mauthenga a akuba a pa foni, ndipo chiganizo chimodzi chimenechi chimawakhazika mtima pansi. Onetsetsaninso kuti adiresi ya webusaiti ikuyamba ndi https. Kuyambira 2018 Chrome, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, imalemba kuti "Not secure" pa mawebusaiti opanda chitetezo chimenechi, ndipo mlendo akaona mawu amenewo amabwerera pakhomo. Satifiketi yake imapezeka mwaulere kudzera ku bungwe la Let's Encrypt, ndipo makampani ambiri a hosting amaiphatikiza kale, choncho wina akakulipiritsani ndalama zambiri pa chimenechi mufunse bwino. Mayina ndi manambala a makasitomala amene muzisonkhanitsa muziwasamala, osawagawa kwa ena kapena kuwaponya m'magulu a WhatsApp popanda chilolezo chawo. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 loteteza zimenezi.

Chilankhulo? Anthu ambiri polemba mu Google amalemba Chingerezi chachidule, monga "sofa sets Blantyre" kapena "kitchen cabinets Blantyre", ngakhale amene pa foni adzalankhule nanu Chichewa chokhachokha. Ndiye mitu ya masamba ikhale ndi mawu amenewo pamodzi ndi dzina la mzinda, koma palibe choletsa kuti malongosoledwe akhale m'zilankhulo zonse ziwiri. Chiganizo cha Chichewa pafupi ndi batani, chonga "Tilembereni pa WhatsApp, tikuyankhani lero lomwe", chimamveka ngati munthu. Mukalemba zimenezo muziyankhadi lero lomwe. Ndipo aliyense wokulonjezani kuti akuikani pa nambala wani pa Google sabata imodzi mukamulipira, mutsanzikeni mwaulemu.

Mnyamata wa kotesheni uja musamutaye. Mukamaliza kulemba m'kope, mupatseni mapepala omwewo amene mupatse mphwanu, ndipo mumupemphe kotesheni yatsopano yolekanitsa zinthu zitatu: ndalama yopangira kamodzi, ndalama ya domain ndi hosting pachaka, ndi ndalama yokonzera zikavuta. Mukatero mudzatha kuyerekeza. Nthawi zina waulere amadula, chifukwa m'bale wogwira ntchito yaulere simungamukalipire akachedwa miyezi itatu. Ngati musankha mphwanu, mulipireni kangachepe ndipo mugwirizane tsiku lomaliza, monga mmene kasitomala amachitira ndi inu.

Webusaiti ikayamba kugwira ntchito, adiresi yake ilembedwe pa chikwangwani, pa malisiti, pa Facebook ndi pa Google Business Profile, ndipo mphwanu ailembetse ku Google Search Console, chida chaulere chimene chimaonetsa mawu amene anthu analemba kuti akupezeni. Inuyo kumbali yanu, kasitomala watsopano aliyense muzimufunsa kuti "mwatidziwa bwanji?" n'kuika kachizindikiro kumapeto kwa kope la maoda. Ikatha miyezi itatu muwerenge. Mukapeza kuti obwera kudzera pa webusaiti ambiri akufunsa za makabati a kukhitchini, chithunzi cha pamwamba chija chikhale cha kabati, ndipo sofa itsikire pansi.